Dire Straits: atakuuzani kuti musankhe nyimbo zisanu zokha

Nyakwawa77
Akuluakulu, ndabwera ndi mlandu. Pa gulu pano timakangana za magitala tsiku ndi tsiku koma nkhani ya Dire Straits, bandi ya rock ya ku Britain ija, timangoyilambalala. Funso langa ndi ili: atakuuzani kuti musankhe nyimbo zawo zisanu zokha, zina zonse zifufutidwe, mungatenge ziti? Zisanu basi, pasakhale zoti "ndi ina yoonjezera". Zanga nazi: Sultans of Swing, Tunnel of Love, Telegraph Road, Romeo and Juliet, Brothers in Arms. Mwaona kuti Walk of Life ndi Money for Nothing palibe. Sindinaziiwale ayi, ndazisiya dala. Wofuna ndewu abwere.

MwanaWaNdirande
Mwasiya Walk of Life? Ndiye pa ukwati tizivina chiyani achimwene, Telegraph Road ya mphindi 14? Anthu adzamaliza kupereka perekaniperekani nyimbo isanafike pakati.

Nyakwawa77
Ndani wakuuzani kuti tikusankha nyimbo za pa ukwati? Za pa ukwati kafunseni DJ.

GitalaWofiira
Ndiyambe ndi Sultans of Swing chifukwa iyoyo palibe angaikane. Koma funso lenileni ndi loti: Sultans yake iti? Pali ija ya pa chimbale choyamba cha 1978, pali ija ya pa chimbale cha Alchemy yomwe anajambula akuyimba pamaso pa anthu ku Hammersmith Odeon ku London mu July 1983. Kwa ine izi ndi nyimbo ziwiri zosiyana. Ya 1978 ndi yowuma, yoyera, palibe chobisalira. Magitala awiri, besi ndi ng'oma, basi. Pick Withers amamenya ng'oma mopepuka, ngati sakufuna kudzutsa munthu, ndipo ndi kupepuka kumeneko komwe kumapatsa gitala malo. Ya pa Alchemy ndi yaitali, imayandikira mphindi 11, pa ng'oma pali Terry Williams yemwe amamenya mwamphamvu, ndipo kumapeto kuja Mark Knopfler, woyimba komanso woliza gitala wamkulu wa bandiyi, amathamanga mpaka anthu kukuwa.

Ambiri amakonda ya pa Alchemy chifukwa cha liwirolo. Ine ndikutenga ya 1978. Chomwe chimamusiyanitsa Knopfler ndi anzake si liwiro. Othamanga pa gitala analipo ambiri nthawi imeneyo, ena omuposa. Iye sagwiritsa kapulasitiki kolizira nsambo kaja, amaliza ndi chala chachikulu ndi zala ziwiri, ndiye mawu aliwonse amatuluka ndi kulemera kwakekwake. Akayimba mzere umodzi ndi pakamwa, gitala amayankha. Akayimbanso wina, gitala amayankha mwina. Tamvetserani bwino, mupeza kuti mayankho aja sabwereza. Pa Alchemy zimenezi zilipo koma phokoso la anthu ndi kiyibodi zimazikwirira.

Kaseti90
Komanso musaiwale kuti munthuyu ndi wamanzere, koma gitala amaliza ngati wamanja.

MphunzitsiWopuma
Ana inu mukukamba za zala, ine ndikufuna ndikambe za nkhani imene ili m'nyimbomo, chifukwa ndi pamene pagona mphamvu ya bandi imeneyi. Knopfler asanatchuke anali mtolankhani ku nyuzipepala ya Yorkshire Evening Post ku Leeds, kenako anaphunzitsako Chingerezi pa koleji. Zimenezi zimamveka. Sultans of Swing ndi lipoti la mtolankhani: usiku wamvula, walowa m'bawa ina, wapeza kagulu ka anthu akuyimba jazi, omvera ndi ochepa ndipo anyamata amene alipowo sakulabadira n'komwe. Oyimbawo masana ali ndi ntchito zawo, sakuyembekeza kulemera. Akumaliza akudzitchula dzina lalikulu ngati mafumu. Palibe pamene wolembayo akuwaseka, palibenso pamene akuwamvera chisoni. Akungokuonetsani.

Ndipo taganizani, nyimbo yonena za oyimba osadziwika ndi imene inawatulutsa iwo mu umphawi. M'chaka cha 1977 anali anyamata anayi okhala ku Deptford, kummwera kwa London: Mark, mng'ono wake David, John Illsley wa besi ndi Pick Withers. Anajambula kaseti ya nyimbo zisanu n'kukapereka kwa Charlie Gillett wa wayilesi ya BBC Radio London kuti awapatseko maganizo. Iye anangoiika pa wayilesi. Makampani a zimbale anayamba kuyimba foni. Imeneyo inali nthawi imene ku London kunali kutentha punk, aliyense akukuwa ndi kuthyola zinthu, iwo n'kubwera ndi nyimbo zofatsa.

Zanga zisanu: Sultans of Swing, Telegraph Road, Private Investigations, Wild West End, Brothers in Arms.

MwanaWaNdirande
Aphunzitsi, Private Investigations ndi nyimbo kapena ndi munthu akung'ung'udza mumdima?

MphunzitsiWopuma
Mwanawe, kung'ung'udza kumeneko kunafika pa nambala 2 ku Britain m'chaka cha 1982. Nyimbo yopanda kolasi, yopanda povina, ya mphindi pafupifupi 7. Uyimvere usiku magetsi atazima, uike mahedifoni, udikire pamene gitala wamagetsi amalowa mwadzidzidzi kumapeto kuja. Ukadzapanda kudzidzimuka udzandiuze.

MwanaWaNdirande
Za magetsi kuzima musadandaule, zimenezo zichitika lero lomwe.

MadalaAKuZomba
Ine ndikuimira kumbuyo mwana wa ku Ndirandeyu. Inu amene mukunyoza Walk of Life munayamba kumva bandi imeneyi pa intaneti, nyimbo zonse zili poyera, n'kumasankha. Ife sizinali choncho. Wayilesi inali imodzi, MBC. Kaseti ya Brothers in Arms kwathu inabwera ndi achimwene anga aakulu pochokera ku migodi ya ku Joni, pamodzi ndi wayilesi ya makaseti ija ya masipika awiri. Mabatire akayamba kutha, mawu a Knopfler amene ndi okhuthala kale ankatsikiratu pansi. Pobweza kaseti tinkagwiritsa bolopeni kuti tisamalize mabatire. Mbali yoyamba ya kaseti imeneyo inatha ndi kuseweredwa: So Far Away, Money for Nothing, Walk of Life. Mbali yachiwiri inali ya akuluakulu, ife tinkaiona ngati yogonetsa.

So Far Away alamu anga ankaikonda kwambiri, ndipo sankamva Chingerezi chambiri, koma ankadziwa kuti ikunena za munthu amene watopa ndi kukhala kutali ndi mnzake. Mkazi amene mwamuna wake wakhala ku mgodi zaka ziwiri safunika womumasulira nyimbo imeneyo. Ndiye mukandiuza kuti nyimbo zotchukazo ndi zopepuka, ine sindivomera. Zinatchuka chifukwa zinagwira anthu.

Zanga: So Far Away, Walk of Life, Sultans of Swing, Why Worry, Your Latest Trick.

Nyakwawa77
Madala, ulemu wanu. So Far Away sindikuikana. Koma Walk of Life ndi kalimba kaja kobwerezabwereza basi. Ngakhale Neil Dorfsman amene anathandiza kujambula chimbalecho sankafuna kuti ilowe, anzake ndi amene anamuposa mavoti.

MadalaAKuZomba
Ndiye mwaonatu kuti ambiri anapambana. Demokalase inayamba kale.

NaPhiri_Geordie
Moni nonse kuchokera kuno kozizira. Ine ndikugwirizana ndi a Nyakwawa pa Tunnel of Love, ndipo ndili ndi chifukwa. Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba kufupi ndi Newcastle, kumene Knopfler anakulira, ngakhale anabadwira ku Glasgow mu 1949. Malo amene amawatchula m'nyimbo imeneyo alipodi. Spanish City ndi chinyumba choyera cha denga lozungulira ku Whitley Bay, m'mphepete mwa nyanja. Kale panali masewera a ana ndi achinyamata, makatungwe ndi zina zotero. Zimenezo zinatha, chinyumbacho anachikonzanso, pano muli malo odyera. Agogo ena amene ndimawasamalira amaiwala ngakhale dzina langa, koma ndikaika nyimbo imeneyi amayamba kundifotokozera za atsikana amene ankakumana nawo kumeneko ali mnyamata.

Nyimboyo ndi ya mnyamata ndi mtsikana amene akumana usiku umodzi pa masewerapo, asangalala, asiyana osafunsana zambiri, kenako iye akuzungulira kumufuna osamupeza. Chimene chimandipha ine ndi kumapeto. Zonse zimatsika, kutsala gitala yekha akuyenda pang'onopang'ono, kenako akukwera, piyano n'kumulandira. Ndikakhala pa basi ndikuweruka ndimaibweza pomwepo.

Kaseti90
Piyano imeneyo ndi ya Roy Bittan wa E Street Band, gulu la Bruce Springsteen. Chimbale chonse cha Making Movies cha 1980, momwe muli Tunnel of Love, anayimba ndi iyeyo. Anajambulira ku New York ndi Jimmy Iovine.

Mlonda_Joni
Achemwali a ku Newcastle, ndi zoona kuti timu yanu ikamalowa m'bwalo amaika nyimbo ya Knopfler?

NaPhiri_Geordie
Zoona achimwene. Going Home, ku St James' Park. Koma imeneyo si ya Dire Straits, anaipeka yekha ya filimu ya Local Hero mu 1983, ngakhale bandi inkaiyimba potseka makonsati. Ndipo musati "timu yanu", ine ndine wa Bullets mpaka kalekale. Kungoti mu March 2025 atamenya Liverpool 2-1 n'kutenga chikho, tauni yonse inapenga, anali atadikira chikho cha m'dzikomo kuyambira 1955. Agogo ena analira.

MwanaWaNdirande
Liverpool isalowe m'nkhani ino chonde. Bala lija silinapole.

Mlonda_Joni
Zaka 70 kudikira chikho, ndiye ife a Nyerere tizidandaula chiyani.

Nyakwawa77
Abale, mpira uli ndi gulu lake. Tibwerere ku nyimbo.

Dzimbiri
Ndikufuna ndiyankhepo za Money for Nothing popeza aliyense akuiopa. Chiyambi chake, kuchokera pamene Sting amayamba kuyimba patalipatali, ng'oma zikusonkhana, mpaka gitala uja kulowa, ndi chimodzi mwa ziyambi zabwino kwambiri m'nyimbo za rock. Amene akukana akunama. Inafika pa nambala 1 ku America mu 1985, anaiyimba ndi Sting pa konsati ya Live Aid ku Wembley pa 13 July chaka chomwecho, ndipo MTV Europe potsegulira mu 1987 kanema woyamba kuonetsa anali wa nyimbo imeneyi. Kuichotsa pa zisanu ndi kudzionetsa chabe kuti ndinu odziwa.

Namadzi
Chiyambi ndi chabwino, inde. Nanga ndime yachiwiri ija? Muli mawu otukwana anthu, amawabwereza katatu. Ine pamaso pa ana anga sindiika.

Dzimbiri
Mayi, amene akuyankhula m'nyimbomo si Knopfler. Ndi munthu wonyamula mafiriji ndi ma TV m'sitolo, akuonera oyimba pa kanema n'kumawachitira nsanje kuti amalandira ndalama osakhetsa thukuta. Knopfler anamumva munthu woteroyo m'sitolo ina ku New York n'kulemba zimene ankanena. Akuseka umbuli wa munthuyo.

Namadzi
Zimenezo ndikuzidziwa, musandiphunzitse. Koma anthu akamayimba m'bawa ataledzera, ndi angati amene akuganiza zoti "apa wolemba akuseka umbuli"? Amangokuwa mawuwo mosangalala. Ku Canada mu 2011 bungwe loona za mawayilesi linagamula kuti isamaulutsidwe yosadula, kenako linafewetsa chigamulocho pambuyo pa madandaulo. Mwini wakeyo pa siteji nthawi zambiri ankasintha mawuwo. Ngati iye ankaona vuto, inu mukulimbikira chiyani?

MphunzitsiWopuma
Apa nonse muli ndi mfundo. Kulemba m'mawu a munthu wina ndi luso lake lalikulu, koma luso limeneli limayenda bwino pamene womvera wakhala pansi. Nyimbo ikasanduka yovina m'bwalo la anthu 70,000, chimene chimatsala ndi mawu okha, nzeru ija yatsalira pakhomo. Ine n'chifukwa chake ndimaika patsogolo nyimbo zimene sizingavinidwe.

Dzimbiri
Ndiye aphunzitsi mukufuna nyimbo zonse zikhale za m'kalasi.

KabwataBoy
Ba Malawi mwanichititsa chidwi. Mukangana pa azungu a ku London monga kuno kufupi kunalibe rock. Ise ku Zambia m'ma 1970 tinali na mabandi monga WITCH ya ba Jagari Chanda, Amanaz, Musi-O-Tunya ya ba Rikki Ililonga, na Ngozi Family. Paul Ngozi anali kuliza gitala na mano pa siteji, ndipo nyimbo zina anali kuimba m'Chinyanja chamene ichi. Ba Kaunda analamula kuti nyimbo zambiri pa wailesi, 95 pa 100 zilizonse, zikhale za mu Zambia, ndiye mabandi anachuluka. Manje azungu ndiye afunafuna zimbale zija na ndalama zambiri, WITCH iyenda ku Europe na ku America. Dire Straits nimaikonda, Lady Writer maka maka, koma musaiwale kwanu.

MadalaAKuZomba
Achimwene a ku Lusaka, inu munali ndi mwayi. Kuno nthawi imeneyo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa pa bwalo la ndege, buluku la belo linali loletsedwa. Rock ikanamera bwanji? Koma pa gitala wa zala tinalibe manyazi. A Daniel Kachamba a ku Chileka ankaliza besi, nyimbo ndi kayendedwe pa gitala mmodzi. Ine nditamva Knopfler koyamba sindinadabwe kuti munthu akuliza ndi zala, ndinadabwa kuti mzungu akudziwa.

GitalaWofiira
Lady Writer ndi Sultans of Swing imene yavala malaya ena, tisanamizane. Chimbale chonse cha Communiqué, momwe muli Lady Writer, anachithamangira, chinatuluka 1979 choyamba chija chikadali pamsika. Anajambulira ku Nassau ndi Jerry Wexler ndi Barry Beckett, anthu akuluakulu, koma nyimbo zake ndi zofanana kwambiri ndi zoyamba. Imene ndingapulumutsepo ndi Once Upon a Time in the West, makamaka mmene anaitambasulira potsegulira Alchemy.

KabwataBoy
Malaya ena koma amukhala bwino.

Msilikali_Wakale
Ndakhala ndikuwerenga osayankha. Ine zisanu sindikwanitsa, ndili ndi imodzi. Brothers in Arms. Ndinali m'gulu la asilikali amene tinatumizidwa ku Mozambique kukalondera njanji ya ku Nacala kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Sindifotokoza zambiri. Tinapita ambiri, ena sanabwerere ndi miyendo yawo. Nyimboyi ndinaimva bwinobwino nditabwerako, kwa mnzanga amene anali ndi kaseti. Anailemba mu 1982 nthawi ya nkhondo ya ku Falklands, nkhondo ya anthu ena kutali, koma zimene akunena ndi zomwezo: munthu ali paphiri lachilendo, akuganiza kwawo, akuthokoza anzake amene sanamuthawe. Kumapeto amanena kuti amene tikumenyana nawowo ndi abale athunso. Ife tinkadziwa zimenezo popanda wotiuza, anthu a tsidya lija ena ankayankhula chiyankhulo chathu chomwechi.

Gitala wa m'nyimbo imeneyo sathamanga. Amalira pang'ono n'kukhala chete, kulira pang'ono n'kukhala chete. Amene anapitako kumaliro a msilikali akudziwa.

NaPhiri_Geordie
Pepani bambo. Zikomo potiuza.

GitalaWofiira
Ulemu wanu akuluakulu. Pa nyimbo imeneyo Knopfler anasiya gitala wake wa Stratocaster n'kutenga wa Gibson Les Paul, ndipo mawu ena amawalowetsa mokweza pang'onopang'ono kuti musamve pamene chala chakhudza nsambo. N'chifukwa chake amamveka ngati akuchokera patali.

Mlonda_Joni
Kuno ku Joni akuluakulu ena amaikumbukira pa chifukwa china. Pa 11 June 1988 ku Wembley kunali konsati yokumbukira kuti Mandela akukwanitsa zaka 70 ali m'ndende. Dire Straits anali m'gulu la otsekera, ndipo anayimba Brothers in Arms. Eric Clapton anaima nawo ngati woliza gitala wachiwiri chifukwa Jack Sonni, mwini malowo, mkazi wake anali atangobereka mapasa. Dziko lonse linaonera, koma kuno boma la tsankho silinalole kuti ionetsedwe.

Dzimbiri
Ndipo ife nthawi imeneyo tinali ndi kazembe ku Pretoria, mayiko anzathu onse atakana. TV tinalibe n'komwe, inabwera 1999. Ndiye amene akuti anaonera konsati imeneyo ali ku Blantyre atiuze anaonera pa chiyani.

MadalaAKuZomba
Ndale ayi ana inu. Ena a ife tikamva nkhani zimenezo timayang'anabe kumbuyo.

Nyakwawa77
Tabwererani. Palibe amene wanenapo za Telegraph Road kupatula kuinyoza kutalika. Ine ndikuti iyi ndiye nyimbo yawo yaikulu kuposa zonse, ndipo ndifotokoza. Telegraph Road ndi msewu weniweni ku Michigan, umadutsa m'mbali mwa Detroit. Knopfler anali pa basi ya bandi akuyenda mumsewu umenewo, wautali wowongoka, n'kuyamba kuganiza kuti poyamba penipeni panali chiyani. Ndiye nyimbo imayamba ndi munthu mmodzi atanyamula thumba, wafika pathengo, wamanga kanyumba, walima. Ena abwera. Kenako matchalitchi, masukulu, maloya, malamulo, sitima, migodi. Kanjira kaja kasanduka msewu wa magalimoto ambirimbiri. Mukafika pakati nkhani yatembenuka: tsopano akuyankhula ndi munthu wa masiku ano amene ntchito yamuthera, mafakitale atseka, akuuza mkazi wake kuti tiye tichoke kuno. Mbiri ya tauni yonse kuyambira kubadwa mpaka kufa, m'mphindi 14.

Ndipo zoyimbira zimatsata nkhaniyo. Poyamba kamawu kamodzi kochepa, kenako piyano ya Alan Clark, kenako zonse. Pamene ntchito yatha nyimbo imatsika mpaka pansi. Mphindi zomalizira ndi gitala yekhayekha, osati wodzionetsera, koma ngati munthu amene akuthawadi pa galimoto. Mukadula mphindi imodzi mwaononga. Amene anaona mafakitale a ku Makata ndi ku Ndirande m'masiku awo n'kuwaonanso lero sangaimve ngati nkhani ya ku America.

MwanaWaNdirande
Apo pokha mwandigwira. Bambo anga ankagwira ntchito ku fakitale ya nsalu, ndikudziwa mmene pakhomo panasinthira. Koma pa zisanu zanga Walk of Life sichoka.

Kaseti90
Chimbale cha Love over Gold, momwe muli Telegraph Road, chili ndi nyimbo zisanu zokha. Ndiye a Nyakwawa wina akhoza kungotenga chimenecho n'kuti wamaliza. Ndipo Private Dancer imene inamudzutsa Tina Turner inalembedwa nthawi yomweyo, Knopfler anaona kuti siyoyenera kuyimbidwa ndi mwamuna n'kuipereka.

Namadzi
Ine ndikudabwa kuti amuna nonse mwatchula Romeo and Juliet pongodutsa. Mukuchita manyazi? Imeneyo ndiye nyimbo imene ndingatenge patsogolo pa zonse. Si nyimbo yachikondi yotsekemera ayi. Mtsikana wapita patsogolo, watchuka, akamuona mnyamata uja akumutenga ngati munthu amene anangodziwana naye kalekale. Mnyamata akadali pomwe paja pansi pa zenera. Ndipo iye mwini akuvomereza kuti sadziwa kuyankhula zokoma ngati za pa TV. Ndi amuna angati amene amavomera zimenezo? Mawu a Knopfler si a woyimba weniweni, amangokhala ngati akuyankhula, ndipo m'nyimbo iyi ndi pamene zimenezo zimathandiza. Akanayimba munthu wa mawu okoma ikanakhala bodza.

Zanga: Romeo and Juliet, Tunnel of Love, Your Latest Trick, On Every Street, Brothers in Arms.

Dzimbiri
On Every Street? Chimbale cha 1991 chija anali atatopa kale.

Namadzi
Chimbalecho chili ndi zofooka, Heavy Fuel ndi Money for Nothing yotenthetsanso. Koma nyimbo imene ili ndi dzina la chimbalecho tamverani kuyambira pakati mpaka kumapeto, pamene kagitala kamayamba kuzungulira n'kumakula. Pa ng'oma pa chimbale chimenecho panali Jeff Porcaro wa Toto, anamwalira chaka chotsatira. Kutopa kunabwera ndi ulendo wa makonsati umene unatha ku Zaragoza ku Spain mu October 1992. Kuchokera pamenepo sanayendenso.

MphunzitsiWopuma
Ndipo Knopfler sanafunenso kubwerera. Mu 2018 atawalowetsa mu Rock and Roll Hall of Fame iye sanapite n'komwe. John Illsley, Alan Clark ndi Guy Fletcher ndi amene anakalandira. Mu January 2024 anagulitsa magitala ake oposa 100 pa okushoni ya Christie's ku London. Anthu amati ndi kunyada, ine ndimaona munthu amene anazindikira kuti bandi yakula kuposa nyimbo zake.

Mlonda_Joni
Koma za mng'ono wake zija sizinamuyendere bwino. David anachoka ali pakati pojambula Making Movies, ndipo dzina lake pa chimbalecho palibe. Ntchito ya pachibale ndi yovuta, mkulu akakhala bwana.

MadalaAKuZomba
Za m'banja la eni tizisiye. Sitinaliko.

Kamwana2004
Pepani akuluakulu, ine ndine watsopano pano ndipo bandi imeneyi ndaidziwira kwa malume. Ndikuphunzira gitala kutchalitchi. Ndayesa chiyambi cha Romeo and Juliet koma sichikumveka ngati chake, zala sizikufika. Ndikulakwitsa pati? Komanso gitala wachitsulo amene ali pachikuto cha Brothers in Arms ndi weniweni kapena ndi chojambula?

GitalaWofiira
Ndi weniweni mphwanga, ndi National wa m'ma 1930, thupi lake ndi lachitsulo ndipo mkati muli chimbale chopyapyala chimene chimakuza mawu. Ndi yemweyo amene akulira pa chiyambi cha Romeo and Juliet. Zala zako zilibe vuto, vuto ndi machunidwe. Nyimbo imeneyo sayimba ndi machunidwe a masiku onse. Tsitsa nsambo yaikulu ya pamwamba kuchoka pa E kufika pa D, yotsatira kuchoka pa A kufika pa G, ndi yaing'ono ya pansi kuchoka pa E kufika pa D. Zitatu zapakati usazikhudze. Ukaliza zonse osagwira paliponse pazimveka G. Kenako ika kapo, kachipangizo kopanira nsambo zonse, pa fureti yachitatu. Kapulasitiki kaja kaike m'thumba, gwiritsa chala chachikulu ndi ziwiri zotsatira, ndipo uyambe pang'onopang'ono kwambiri. Pa gitala wamatabwa sizidzalira ndendende ngati pa chimbale, koma udzaizindikira.

Kamwana2004
Kapo ndilibe.

MadalaAKuZomba
Pensulo ndi malegeni, mwanawe. Umange zolimba.

GitalaWofiira
Zimagwira ndithu. Koma ukamaliza ubwezere machunidwe Lamlungu lisanafike, apo ayi akwaya akakuthamangitsa.